Yankho: N'chifukwa chiyani bala ya McSorley's ku New York imatchuka chonchi?

Achimwene, mwafunsa ngati McSorley's Old Ale House ndi yofunikadi kuifika kapena ndi dzina chabe. Ine ndikuti pitani.

Balayi ili pa East 7th Street ku Manhattan. Anaiyambitsa John McSorley, yemwe anachokera ku Ireland. Eni ake amati inatsegulidwa mu 1854, ngakhale akatswiri ena a mbiri yakale amati panadutsa zaka zingapo isanatsegulidwe. Mowa ulipo wa mitundu iwiri yokha, woyera ndi wakuda, ndipo mukaitanitsa amakubweretserani makapu awiri nthawi imodzi. Pansi amawazapo utuchi mpaka lero.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi timafupa ta pachifuwa cha mbalame tomwe tapachikidwa pa nyale yakale pamwamba pa kauntala. Anthu amanena kuti anyamata opita ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankatipachika pamenepo, kuti akabwerako adzachotse. Totsalato ndi ta amene sanabwerere kwawo. Fumbi linaunjikana pa timafupati kwa zaka zambirimbiri chifukwa palibe ankafuna kutikhudza, mpaka mu 2011 pomwe a zaumoyo mumzindawo anaumiriza kuti tipukutidwe.

Katswiri wojambula John Sloan anajambula mkati mwa balayi mu 1912, ndipo zimenezi zinathandiza kuti itchuke.

Pali mbali ina yosakoma yomwe muyenera kuidziwa. Amayi ankaletsedwa kulowamo mpaka mu 1970, khoti litagamula, ndipo chimbudzi chawo anachimanga mu 1986. Mukapita ndi alamu anu, alowa bwinobwino. Fikani masana pakati pa sabata, chifukwa madzulo mumadzaza zedi.