Za chipani cha Maoist chimene mwafunsa

Achimwene, mwafunsa ngati mwana wanu amene akuphunzira ku India angayandikire chipani cha Maoist cha m'dzikolo: ayi, asayandikire chipanichi. Boma la India linaletsa chipanichi, chotchedwa Communist Party of India (Maoist) kapena CPI (Maoist), mu 2009 monga gulu la zigawenga. Musachisokoneze ndi CPI (Marxist), chomwe n'chovomerezeka ndipo chalamulirapo m'chigawo cha Kerala. A Maoist amakana zisankho, amadalira mfuti: mu 2010 anapha achitetezo 76 ku Dantewada, m'chigawo cha Chhattisgarh.

Pamene ndinkakhala ku India ndinaona kuti apolisi sachita nazo chibwana nkhanizi. Kungosunga mapepala a gululi kapena kulichemerera pa Facebook kungamukodzetse m'lamulo la UAPA, lolimbana ndi zauchigawenga, ndipo belo yake ndi yovuta zedi. Apolisi akamuitana, apeze loya wakomweko asanayankhe chilichonse.