Za mfundo ya m'chiuno yochita kuika imene siguluka wamba: yankho kwa achemwali aja

Achemwali, mwalemba kuti bambo anu a zaka 68 akukachitidwa opaleshoni yowaika mfundo ya m'chiuno yochita kupanga, kuti kale anawamanga msana wa m'munsi ndi zitsulo, ndipo mukufuna kudziwa mtundu umene suguluka wamba. Nkhani ya msanayo musaipeputse, ndi imene ikusintha yankho lonse.

Zimene amaika ndi zidutswa zinayi. Pali kapu yachitsulo imene amaikhazika m'fupa la chiuno. M'kapumo mumalowa pulasitiki wolimba amene madokotala amati liner. M'pulasitikimo mumazungulira mpira wachitsulo kapena wa ceramic, ndipo mpirawo umakhala pakhosi pa chitsulo chachitali chotchedwa stem, cholowa m'kati mwa fupa la ntchafu. Kuguluka n'kutuluka kwa mpira m'kapu. Nthawi zambiri kumayamba munthu akapinda mwendo kwambiri n'kulowetsa bondo m'kati: khosi la chitsulo limagunda mkombero wa kapu, mkomberowo n'kusanduka potsamira, mpira n'kukanuka monga mmene chotsekulira chimakanulira chitsekerero cha botolo. Mwa anthu 100 ochitidwa opaleshoniyi koyamba, zimachitikira mmodzi mpaka atatu, ambiri a iwo m'miyezi itatu yoyamba, minofu isanagwirane bwino.

Choyamba kufunsa ndi kukula kwa mpira. John Charnley, amene anakhazikitsa opaleshoniyi ku Wrightington m'dziko la England cha m'ma 1962, ankaika mpira wa mamilimita 22 kuti pulasitiki akhale wochindikala. Vuto la mpira waung'ono n'loti ulendo wake wotuluka ndi waufupi. Kuti mpira ulumphe mkombero umayenera kusuntha pafupifupi theka la kukula kwake, ndiye wa 22 umatuluka utasuntha mamilimita 11 okha, pamene wa 36 umafuna 18. Komanso mpira ukakula khosi likadali lomwelo, mwendo umapinda motalikirapo khosi lisanagunde kapu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera pulasitiki wosaperepeseka msanga wotchedwa highly cross-linked polyethylene, ndipo ndi ameneyu anachititsa kuti mipira ya 32 ndi 36 ikhale ya masiku onse.

Koma kukulako kuli ndi polekezera. Munthu wa mafupa ang'onoang'ono, amene kapu yake ndi ya mamilimita 46 kapena 48, ukamukakamiza mpira wa 36 pulasitiki amapyapyala kwambiri ndipo akhoza kung'aluka mumkombero. Kupyola 36 phindu lowonjezera ndi lochepa, pamene polumikizira mpira ndi khosi pamadyeka kwambiri. Mipira ikuluikulu yachitsulo yozungulira m'kapu yachitsulo popanda pulasitiki inatchukapo pa chifukwa chomwechi cha kusaguluka, koma inkatulutsa fumbi la zitsulo za cobalt ndi chromium lowononga minofu, moti mtundu wa ASR wa kampani ya DePuy unachotsedwa pamsika mu 2010.

Kwa bambo anu, dzina loti mulitchule kwa dokotala ndi dual mobility. Anaiyambitsa ndi Gilles Bousquet ku Saint-Étienne m'dziko la France mu 1974. Mpira waung'ono wa 22 kapena 28 amaukanikizira m'kati mwa mpira waukulu wa pulasitiki, n'kukhala wogwidwa momwemo koma ukuzungulira. Mpira wa pulasitikiwo nawonso sumangidwa, umazungulira m'kapu yachitsulo yosalala. Munthu akamayenda ndi mpira waung'ono umene umagwira ntchito. Akapinda kwambiri khosi n'kugunda pulasitiki, m'malo mokanuka, pulasitikiyo amasuntha n'kulipatsa njira. Ndipo kuti mwendo uguluke, pamafunika kuti mpira waukulu uja, umene kukula kwake kumayandikira kwa mutu wa fupa lachibadwa, utuluke wonse.

Msana ukulowapo motere. Munthu wa msana wabwinobwino akamakhala pansi, fupa la chiuno limapendekera kumbuyo lokha, kapu n'kutsegukira kutsogolo, ntchafu n'kupeza malo. Msana wa m'munsi ukamangidwa, kapena ukauma ndi ukalamba, chiuno sichipendekanso. Ntchafu imapinda yokha ulendo wonse, imagunda kutsogolo, mpira n'kutulukira kumbuyo. N'chifukwa chake dokotala wosamala amajambula X-ray ya m'mbali kawiri, wodwala ataimirira ndiponso atakhala, asanasankhe chitsulo. Ena amene dual mobility imawathandiza ndi okalamba othyoka khosi la fupa la ntchafu, odwala matenda onjenjemera a Parkinson's, amene anadwalapo sitiroko, oiwalaiwala, omwa mowa kwambiri, ndi amene akubwerezedwa opaleshoni.

Dual mobility ili ndi zovuta zake. Mtengo ndi wokwera, ndipo si chipatala chilichonse chimene chimaisunga, choncho funsani msanga. Komanso mpira waung'ono ukhoza kusololoka m'kati mwa pulasitiki uja, vuto limene silikonzeka pokoka mwendo, limafuna kutsegulanso. Pa mitundu ina muli kachitsulo kosalala kolowetsa m'kapu ya titanium, ndipo kakapanda kukhala bwinobwino kamadyeka.

Mudzamvanso za liner wa mlomo wokwezeka mbali imodzi, kawirikawiri ndi madigiri 10. Amauika cha kumbuyo kuti utchinge potulukira, ndipo ndi wotsika mtengo. Ukakhala malo olakwika khosi limaugunda munthu akatambasula mwendo, mpira n'kutulukira kutsogolo. Palinso constrained liner, amene amatsekera mpira m'kapu ndi mphete. Pomva dzina anthu amayesa ndiye mankhwala enieni, koma ife sitingamufunire munthu wochitidwa koyamba. Mwendo supinda mokwanira, ndipo mphamvu imene ikanagulula mpira imakathera pogwirana kapu ndi fupa mpaka kapu kugwedera kapena mphete kuthyoka. Ndi wa anthu amene minofu yogwira chiuno inatheratu, kapena amene njira zina zinawakanika.

Chitsulo chabwino choikidwa mopotoka chimagulukabe. Muyeso umene dokotala wina dzina lake Lewinnek anafalitsa mu 1978 umati kapu ipendeke madigiri 40 ndipo iyang'ane kutsogolo madigiri 15, kulola kusiyana kwa 10 uku ndi uku. Ndi poyambira pabwino, koma mfundo zambiri zimaguluka zili m'muyeso womwewo, makamaka kwa a msana wouma. China ndi chimene amati offset, kutanthauza mtunda wochoka pakati pa mpira kufika pamzere wa fupa la ntchafu. Ukachepa, minofu ya m'mbali mwa thako imakhala yolobodoka ndipo sigwira mfundo. Nthawi zina dokotala amasiya mwendo utatalikirapo mamilimita ochepa dala kuti minofu ikungike, musadabwe nazo. Ngati akudzera kumbuyo kwa chiuno, funsani ngati amasoka thumba la mfundo ndi timinofu ta kumbuyo pomaliza, chifukwa kusokako kumachepetsa kuguluka kwambiri.

Kunyumba konzani zinthu bambo asanatuluke. Kwa masabata 6 oyamba, kapena mpaka 12 ngati dokotala watero, bondo lisakwere kupyola chiuno, asapingase miyendo, ndipo pogona chammbali aike pilo pakati pa mawondo. Chimbudzi chonjuta ndiye choopsa zedi. Pezani mpando wolimba wobowola pakati, wotalika pafupifupi masentimita 50, muukhazike pamwamba pa dzenje, ndipo pakhale chogwirira pakhoma. Mphasa, kampando ka kukhitchini, sofa wobira, kuwerama kutola chinthu pansi, kuvala nsapato atapindira bondo m'kati, zonsezi ziyambe zadikira. Pochoka kuchipatala akhale mpando wa kutsogolo wa galimoto utakankhidwira kumbuyo, osati mothinana mumpando wa kumbuyo wa minibasi.

Mfundo ikaguluka simungakayike: ululu wadzidzidzi, mwendo kufupika, kawirikawiri phazi kutembenukira m'kati, kulephera kuponda. Wina aliyense asaukoke mwendowo. Musawapatse chakudya kapena chakumwa chifukwa akafunika kugonekedwa ndi mankhwala, athamangitseni kuchipatala chimene chili ndi X-ray.

Tsiku lotuluka pemphani pepala lokhala ndi timapepala tomata tochokera pamabokosi a zitsulozo, losonyeza kampani, mtundu, kukula kwa kapu ndi kwa mpira, mulijambulenso pafoni. Izi n'zofunika kwambiri ngati opaleshoni ikuchitikira ku India kapena ku South Africa bambo n'kudzabwerera kumudzi. Mfundo ikadzaguluka, dokotala wodzaibwezeretsa ayenera kudziwa kuti ndi dual mobility asanagwire mwendo, kuti awagoneke mpaka minofu ilefukiretu, akoke mofatsa, ndipo akatha aonetsetse pa X-ray kuti mpira waung'ono uli pakati penipeni pa kapu. Akakoka mwamphamvu, pulasitiki amakodwa pamkombero n'kutsalira m'minofu, mpira waung'ono n'kulowa wokha m'kapu.