MAFUNSO ANU: Denon kapena Yamaha, nditenge iti?

FUNSO: Zikomo akulu, ine ndili ku Joni kuno koma Disembala ndikubwerera kwathu ku Lilongwe nde ndikufuna ndigule risiva ya home theater (makina olumikizako TV ndi masipika kuti mawu azimveka ngati ku sinema) yoti ndikaike pabalaza. Mushopu ndapeza ziwiri, Denon AVR-X1700H ndi Yamaha RX-V6A, mitengo yake sikutalikirana kwenikweni. Wogulitsa akuti nditenge Yamaha chifukwa ili ndi mawatsi ambiri. Ine masana ndimakonda nyimbo, makamaka gospel ndi reggae, usiku timaonera mafilimu ana atagona. Masipika ndili nawo awiri okha pakadali pano. Nditani?
Wowerenga, Johannesburg

YANKHO: Achimwene, za mawatsizo asakupusitseni nazo. Papepala Yamaha imatulutsa mawatsi 100 pa chanelo (pa sipika iliyonse), Denon 80, onse poyezera masipika awiri a 8 ohms, koma kusiyana kumeneko ndi pafupifupi decibel (dB, muyeso wa kukwera kwa mawu) imodzi basi, khutu silingakugwire, ndipo ngakhale mawatsi atachulukitsidwa kawiri mawu amangokwera ndi 3 dB. Zina zonse makinawa ndi pachibale, onse ndi 7.2 (masipika 7 ndi ma subwoofer awiri, masipika a besi aja), onse amatha Dolby Atmos ndi DTS:X (mawu a mafilimu omveka mbali zonse), Bluetooth ilipo, nyimbo za pafoni mumaponya pa Wi-Fi kudzera pa HEOS ku Denon kapena MusicCast ku Yamaha, mpaka poika galamafoni palipo. Mabowo a HDMI olowetsera zinthu Yamaha ili nawo 7, Denon 6, kaya muli ndi zinthu zingati zolumikiza.

Pomwe ine ndimayang'ana ndi pa kamaikolofoni kamene kamabwera mubokosimo. Mumakaika pomwe mumakhala, risiva imaliza masipika mmodzimmodzi nkuyeza chipinda chanu kenako nkukonza mawu kuti agwirizane ndi chipindacho. Ku Yamaha amati YPAO, ku Denon ndi Audyssey MultEQ XT. Nyumba zathu zambiri pansi ndi simenti kapena matailosi, makoma osalala, nde mawu amangogunda nkubwerera, besi imangoti guu guu pakona pomwe pampando panu palibe kanthu, ndipo kumbali ya besi imeneyi ine ndimaona kuti Audyssey imakonza bwino kuposa inzake.

Nde poti mwati mafilimu ndi a usiku ana atagona, ine ndingatenge Denon. Ili ndi Dynamic EQ yomwe imabwezera besi mukatsitsa voliyumu, komanso Dynamic Volume yomwe imathana ndi vuto lija loti anthu akamalankhula simukumva, mwakweza, kenako bomba laphulika nyumba yonse yadzuka ndi agalu apaneba omwe. Yamaha ili ndi zake zofananako, YPAO Volume ndi Adaptive DRC, sindikuinyoza ayi.

Mudzamva ena akuti Yamaha ndiye ya nyimbo. Eee imalira bwino, koma mukaika zonse ziwiri pa Pure Direct (pomwe risiva imaliza mawu osawakonza) ndi masipika omwewo voliyumu yofanana, ambiri sangaloze kuti iyi ndi iti. Reggae yanuyo ikufuna subwoofer osati dzina la pa risiva. Ndalama ikatsala yambani mwagula sipika yapakati chifukwa mawu a anthu mufilimu ambiri amadutsa momwemo, kenako subwoofer, crossover (malire pomwe besi imayambira kupita ku subwoofer) muike pa 80 Hz, masipika akumbuyo adzabwera pambuyo. Kapeti ndi makatani olemera nazo zimathandiza heve.

Ngati kunyumba kuli makina a magemu a Xbox Series X mufunse bwino, ma RX-V6A oyamba a 2020 ankavuta kuonetsa chithunzi cha 4K 120Hz mpaka kampani inkasintha bodi ya HDMI, pomwe X1700H inatuluka 2021 nkhaniyo itakonzedwa kale.

Yogula ku South Africa ndi ya 230V nde kwathu ikagwira popanda vuto, pulagi yokha ndi imene mukasinthe chifukwa ife timagwiritsa ntchito ya mano atatu afulati ngati ya ku UK. Wina asakunyengereni ya ku America yotchipa, imeneyo ndi ya 120V, mukangoilumikiza yapsa. Mugulirenso surge protector (chotetezera zinthu magetsi akachuluka mphamvu) yeniyeni poti magetsi akamabwera atazima ndi pomwe zinthu zimapserera, ndipo musaitsekere mu kabati, Denon imatenthako, musiye mpata pamwamba pake mpweya uzidutsa makamaka mu Okutobala.