Kuluka m'gemu ya pa foni: yankho kwa mchemwali wa ku Ulongué

Mchemwali wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, yemwe akuphunzira za kompyuta mumzinda wa Tete, wanditumizira imelo. Akupanga gemu ya pa foni ndi pulogalamu yaulere ya Godot, gemu ya mtundu uja woti wosewera amayendetsa moyo wa banja: kulima, kuphika, kugulitsa, kulera ana. Funso lake ndi ili: "Ndikufuna mayi wa m'gemumo aziluka. Koma panopa wosewera amangodina batani, n'kudikira, juzi n'kutuluka. Ndichitenji kuti anthu asatope nazo?"

Achemwali, choyamba onani zimene anzathu anachita kale. Mu July 2020 kampani ya EA inatulutsa Nifty Knitting, kachigawo kowonjezera ku gemu ya The Sims 4, ndipo mutu wake anasankha ndi osewera eniake pochita kuvota. Mmenemo munthu amakhala pa mpando wogwedezeka n'kumaluka, luso lake limakwera mpaka pa gawo 10, ndipo zimene waluka amazigulitsa pa msika wa pa intaneti wa m'gemumo wotchedwa Plopsy. M'gemu ya Stardew Valley, yomwe inatuluka mu 2016, anayambira kumbuyo: uweta nkhosa, umeta ubweya, uupititsa pa makina owombera nsalu. Zonsezi n'zabwino, koma musazikopere. Kwathu kuno ulusi suchokera ku khola la nkhosa, ndipo juzi salukira kukongola kokha.

Ine ndikanayamba ndi chisanu. Inu mwakulira ku Angónia, mukudziwa mmene June ndi July amalumira m'mawa, ana akupita kusukulu manja ali m'khwapa. Ikani nyengo m'gemu yanu, ndipo chisanu chikhale ndi tsiku lake lofikira. Mayi akayamba juzi ya mwana mu April, aimaliza bwino. Akazengereza chifukwa chotanganidwa ndi kukolola chimanga kapena kukumba mbatatesi, mwana ayamba kutsokomola n'kujomba kusukulu. Apo wosewera sakudikiranso batani, akupikisana ndi nyengo. Ndipo mwanayo azikula. Juzi yochedwa chaka chathunthu isamukwane, ipite kwa mng'ono wake.

Ndiye ulusi. Apa mpamene ndikufuna muchedwepo kwambiri, chifukwa gemu zakunja sizifikapo. Mupatseni mayiyo njira ziwiri. Atha kugula mipukutu yatsopano kusitolo ndi ndalama zimene akanagulira sopo kapena feteleza. Apo ayi, apite pa mulu wa kaunjika, asankhe juzi yaikulu yong'ambika pachigongono, akaimasule kunyumba. Amene anaonapo ntchito imeneyi akudziwa: umayamba wadula msoko, n'kupeza nsonga ya ulusi, n'kumakoka pang'onopang'ono, mwana atakhala patsogolo pako atatambasula manja kuti uzikulungapo. Ulusiwo umatuluka wopotanapotana, umafunika kuunyowetsa n'kuuyanika kuti uwongoke. Kusankha juzi pa mulupo kukhale kamasewera pakokha, chifukwa si iliyonse imamasuka. Ina inachita kudulidwa pa nsalu yaikulu n'kusokedwa ndi makina, ukamasula umangopeza tizidutswa tatifupitifupi. Wosewera aphunzire kutembenuza juzi n'kuyang'ana msoko asanatulutse ma meticais ake.

Ulusi ukathera pakati pa dzanja la juzi, mtundu womwewo usapezekenso pamsika. Mayi asankhe: kudikira, kapena kumalizira ndi mtundu wina. Ndi mmene majuzi a mizeremizere ambiri amabadwira.

Za kalukidwe kenikeniko, musachulutse. Kuluka kwa singano ziwiri kuli ndi masitichi awiri okha oyambira, yolowetsa singano kutsogolo ndi yolowetsa chakumbuyo, ndipo maluso ena onse amachokera pa kusakaniza awiriwa. Awiri a uku, awiri a uko, mwapeza mphepete yotanuka ija ya pa chipewa ndi kumapeto kwa manja. Pa foni zimenezi n'zosavuta: chala chamanzere sitichi imodzi, chamanja inayo. Koma musamuumirize wosewera kudina sitichi iliyonse ya juzi yonse, angafufute gemuyo tsiku lomwelo. Aluke yekha mzere woyamba wa luso latsopano, ndi malo ovuta monga khosi ndi chidendene cha sokosi. Kwinako manja a mayiyo aziyenda okha.

Ndipo manja akamayenda okha, pakamwa ndi makutu zimakhala pa ufulu. Mayi aziluka ali pa benchi la kusikelo, ali pamsika kudikira ogula tomato, ali pa khonde ndi anzake a chipereganyu. Nkhani za m'mudzi wosewera azizimvera pamenepo: ndani akufuna waganyu, mtengo wa nyemba wafika pati kumalire a Calómuè, mwana wa ndani akukwatiwa. Nkhani ikakoma kwambiri, sitichi igwe osaiona. Sitichi yogwa imatsetsereka mizere ingapo n'kusiya kampata kooneka ngati makwerero. Wosewera asankhe kumasula kuti akonze, kapena kusiya choncho. Ine ndingakonde kuti chilema chimenecho chizionekabe pa juzi nthawi zonse mwana akaivala, ndipo agogo azichiloza.

Maluso atsopano asamagwe kuchokera kumwamba poti manambala akwera. Azichokera kwa anthu. Kaluso ka tinsapato ta khanda kakhale kwa gogo wina wovuta, amene sakuphunzitsa mpaka utamutungira madzi kangapo. Ka shawelo kakhale kwa mayi wa kumpingo. Mukatero, wosewera ali ndi chifukwa choyendera anthu.

Pa malonda, gwiritsani ntchito chigawo chathu mmene chilili. Chipewa chaubweya chimene chikulimbiranidwa ku Tsangano sichingayende m'kutentha kwa mumzinda wa Tete kapena ku Moatize. Kumeneko mayi atumize za makanda ndi nsalu zoyala pa tebulo, ndalama zibwere pa foni monga timachitira ndi M-Pesa kapena e-Mola. Wina atenge pangongole n'kusowa. Wina abweze poti khosi lathina.

Za makandazo muzigwire mwaulemu. M'mabanja ambiri zovala za mwana amene sanabadwe sazionetsa poyera. Mayi aziluke mwakachetechete, azibisa m'sutikesi, zidzatuluke mwana akamatuluka chikuta.

Simungathe kupanga zonsezi nthawi imodzi, ndipo musayese. Yambani ndi chipewa chimodzi, mwana mmodzi, nyengo yozizira imodzi, ndi mulu wa kaunjika. Gemuyo izitheka kusewera popanda intaneti, chifukwa ambiri amene muwapatse kuti ayese sakhala ndi bandulo tsiku lililonse. Mukapita kumudzi pa holide, kaperekeni foniyo kwa mayi amene amalukadi, inu mukhale chete n'kumaona pamene chala chawo chikukayikira. Mukatero mundilemberenso, ndikufuna kudziwa ngati anatembenuza juzi ija kuti aone msoko.