Atenolol, babu ndi tulo tosabwera

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti chiyambireni kumwa atenolol wa BP tulo tikuwavuta, akulota zoopsa, ndiye akufunsa ngati agule mapiritsi a melatonin.

Amayi, si maganizo chabe ayi. Melatonin, mankhwala a m'thupi amene amaliuza kuti nthawi yogona yakwana, amapangidwa ndi pineal gland, kachiwalo kofanana ndi njere ya mpunga kamene kali pakati pa ubongo. Kamayamba kumutulutsa kutatsala maola pafupifupi 2 kuti mugone, ndipo amachuluka kwambiri cha m'ma 2 mpaka 4 koloko usiku. Uthenga woti kayambe ntchito umabwera ndi noradrenaline, mankhwala ena a m'thupi onyamula mauthenga, pa malo olandirira uthenga otchedwa beta-1. Atenolol ndi mnzake propranolol amatseka malo omwewo. Mtima umadekha, inde, koma melatonin naye amatsika. Carvedilol ndi nebivolol, mankhwala enanso a BP, satsitsa melatonin kwenikweni.

Komatu musanaloze chala piritsi lokha, tayang'anani kudenga. Babu la LED loyera mbee lija limatulutsa kuwala kwa buluu, kumene maselo apadera a m'diso amakumva kwambiri n'kuuza ubongo kuti kukadali masana. Kafukufuku wa mu 2011 ku Boston adapeza kuti kuwala wamba kwa m'chipinda, kosafika ma lux 200 (muyeso wa mphamvu ya kuwala), kumafupikitsa nthawi ya melatonin ndi mphindi pafupifupi 90. Onjezani foni pafupi ndi mphuno mpaka 11 koloko. Magetsi akazima n'kuyatsa kandulo, bwanji nyumba yonse imayamba kusinza msanga? Ine zondinyansa n'zakuti anthu amathamangira ku famasi babu lili ngwee m'chipinda. Kumeneko n'kutaya ndalama.

Ndiye pali tiyi ndi khofi wa madzulo: pakatha maola 5, theka la caffeine limakhala likadali m'magazi. Ndipo amene akumwa fluvoxamine, mankhwala a matenda a maganizo, asayerekeze kuphatikiza ndi melatonin, chifukwa chiwindi chimalephera kumuphwanya, amaunjikana.

Atenolol musasiye mwadzidzidzi, mtima ungathamange ndipo BP ingakwere moopsa. Funsani dokotala ngati mungamamwe m'mawa kapena kusintha mankhwala. Kwa sabata ziwiri, muzichepetsa kuwala kutatsala maola 2 kuti mugone, ndipo mukadzuka muziothera dzuwa mphindi 20 kapena 30. Zikakanika, melatonin angathandize: pa kafukufuku wa mu 2012 wa odwala BP 16 omwa atenolol kapena mnzake metoprolol, amene adapatsidwa 2.5 mg ya melatonin usiku uliwonse kwa sabata 3 tulo tawo tidatalika ndi mphindi 36 poyerekeza ndi amene adapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala. Mlingo umenewo ndi woti mukakambirane ndi dokotala wanu.