Kwa achemwali amene atsala ndi masabata 10 kuti alembe B1 Preliminary

Achemwali, mwati Chingerezi pa MSCE munakhoza bwino, kuwerenga sikukuvutani, koma mukayika odiyo yoyeserera mayeso a B1 Preliminary a Cambridge mumangotola mawu apa ndi apo, ndiye mwafunsa koyambira. Yambirani pa khutu pomwepo. Kusukulu kwathu tinaphunzira Chingerezi cha maso ndi cholembera, pomwe pa mayesowa theka la malikisi lili pa kumvetsera ndi kuyankhula. Mapepala alipo 4: Reading, Writing, Listening ndi Speaking, ndipo lililonse limatenga 25 peresenti. Buku la galamala lija libayamba lapuma.

Listening imatenga mphindi pafupifupi 30, mafunso 25 m'magawo 4, ndipo chilichonse amachiseweretsa kawiri. Msampha wake ndi umodzi koma umakola anthu ambiri: kawirikawiri mayankho onse atatu amene ali papepala amatchulidwa mu odiyomo. Tinene kuti funso likuti munthu wayenda pa chiyani, zithunzi ndi sitima, basi ndi galimoto. Woyankhula anena kuti amafuna kukwera sitima, mchimwene wake analonjeza kudzamutenga pa galimoto koma sanabwere, mapeto ake wakwera basi. Wofulumira amachonga sitima chifukwa ndi liwu limene walimva koyamba. Tcherani khutu pa timawu monga but, actually, instead ndi in the end, chifukwa yankho limabisala kuseri kwake. Ulendo woyamba chongani mopepuka, wachiwiri mutsimikize.

Gawo lachitatu ndi lolemba mawu kapena manambala m'mipata 6, ndipo apa m'pamene Chichewa chathu chimatipunthwitsa. Mzungu akamatchula zilembo za dzina, E wake amamveka ngati i wathu, A wake ngati ei, I wake ngati ai. Munthu amamva bwinobwino koma dzanja limalemba mwachizolowezi. G ndi J nazonso zimasokonezana. Thirteen ndi thirty zimasiyana pamene liwu lagunda: woyambayo amagunda kumapeto, winayo koyambirira. Pemphani mwana wa sukulu azikuwerengerani zilembo ndi manambala mphindi 5 tsiku lililonse inu mukulemba. Masiku a sabata ndi miyezi muziwalemba osaphonya chilembo, makamaka Wednesday ndi February.

Kayeseredwe kake: tengani odiyo yaifupi yokhala ndi mawu ake olembedwa, monga 6 Minute English ya BBC Learning English. Mverani kawiri osayang'ana pepala, kachitatu muwerenge motsatira, ndipo dulani mzere pansi pa mawu amene mumawadziwa koma simunawamve. Mudzapeza kuti ambiri ndi osavuta, kungoti amezedwa, monga want to kumveka ngati liwu limodzi. Kenako bwerezani mokweza chiganizo ndi chiganizo. Mphindi 20 tsiku ndi tsiku zimaposa maola atatu a Lamlungu lokha. Koperani maodiyo angapo nthawi imodzi pamene bandulo ilipo, kuti netiweki isamakhale chowiringula.

Speaking mumalowa awiriawiri, oyesa nawonso awiri: mmodzi amafunsa, wina amakhala chete n'kumalemba. Ulemu wathu uja woweramitsa nkhope ndi kuyankha mwachidule umakudyerani malikisi. Akafunsa komwe mumakhala, musangotchula dzina la dera basi. Onjezani kuti mwakhalako zaka zingati komanso chimene mumakukondera. M'gawo lachiwiri amakupatsani chithunzi kuti mufotokoze nokha kwa mphindi imodzi. Ambiri mawu amawathera pa masekondi 20. Tsatani ndondomeko iyi: anthu ndi ndani, ali kuti, akutani, avala chiyani, kumbuyo kwawo kuli chiyani, kunja kwacha bwanji. Chinthu chimene simukudziwa dzina lake musachilumphe, nenani ntchito yake. Jambulani mawu anu pa foni ndi wotchi, mumvere nokha. Zimachititsa manyazi koyamba, koma palibe mphunzitsi woposa ameneyo.

Gawo lachitatu ndi lokambirana ndi mnzanuyo, ndipo oyesa amafuna kuona ngati mumatha kupatsana mpata. Wolanda nkhani yonse amataya, wongoti yes, yes nayenso amataya. Perekani maganizo, nenani chifukwa, funsani mnzanuyo zake. Za katchulidwe musavutike kusanduka wa ku London, chofunika ndi kumveka. Konzani zitatu zokha: l ndi r, kuwonjezera i kumapeto kwa mawu monga book ndi bus, komanso he ndi she. Ife iye ndi iye basi, mwamuna kapena mkazi, ndiye pakamwa pakathamanga mayi amasanduka he.

Writing ndi mphindi 45, ntchito ziwiri za mawu pafupifupi 100 iliyonse. Yoyamba ndi yokakamiza: kuyankha imelo imene m'mbali mwake muli mfundo 4. Yankhani zonse 4, ndipo ikati fotokozani chifukwa, perekanidi chifukwa. Kusiya imodzi kumatsitsa malikisi ngakhale Chingerezi chikhale chosalala. Imelo ikachokera kwa mnzanu, musayambe ngati kalata yofunsira ntchito. Yachiwiri mumasankha pakati pa article ndi story. Mukasankha story, yambani ndi chiganizo chimene akupatsani ndipo musadumphedumphe pakati pa nthawi yakale ndi yatsopano. Siyani mphindi 3 pa ntchito iliyonse zosaka a ndi the amene mwaiwala, poti m'Chichewa mulibe. Pulogalamu yochonga zolemba ya Write & Improve ya Cambridge ndi yaulere pa intaneti, imakuonetsani polakwika nthawi yomweyo.

Reading sindichulutsa poti mwati mumatha. Mafunso 32 m'mphindi 45, magawo 6, ndiye mdani ndi wotchi. Gawo lachiwiri, lophatikiza anthu 5 ndi nkhani 8, limadya nthawi: nkhani yolondola iyenera kukwaniritsa zonse zimene munthuyo akufuna, osati chimodzi. Musasiye mpata wopanda yankho, kulakwa sachotsera malikisi.

Kukhoza kumayambira pa 140 pa sikelo ya Cambridge. Kuchokera 140 mpaka 159 ndi mlingo wa B1, kuyambira 160 mpaka 170 satifiketi imalemba mlingo wokwererapo wa B2, ndipo 120 mpaka 139 amakupatsani mlingo wotsikirapo wa A2. Amaphatikiza mapepala onse, choncho Reading yanu itha kunyamulako Listening, koma musaitwike katundu yense.

Sabata ino lembani pepala lathunthu la chitsanzo, la pa webusaiti ya Cambridge English, ndi wotchi pambali. Onetsetsani kuti ndi la kalembedwe kamene kanayamba mu 2020, chifukwa akale ankaphatikiza Reading ndi Writing. Masabata 7 otsatira limbanani ndi zofooka, awiri omaliza muzilemba mapepala athunthu.

Simunanene cholinga cha satifiketiyi. Ngati ndi viza ya ku Britain, imani kaye: Home Office, unduna wa ku Britain woona za maviza, imafuna mayeso a Chingerezi amene inawavomereza, otchedwa SELT, monga IELTS for UKVI, ndipo B1 Preliminary simo. Funsani amene akufuna pepalalo akulembereni dzina lenileni la mayeso ndi mlingo wake musanalipire china chilichonse.