Musawalole agulitse mashiniwo

Amayi, mwalemba m'gulu muno kuti abambo akufuna kugulitsa CPAP yawo, mashini othandiza munthu amene kupuma kumaima ali m'tulo. Chonde musawalole agulitse. Zoti abambo akumavula masiki pakati pa usiku n'kuiponya pansi, m'mawa n'kumati bola mkonono womwewo, si makani ayi, ndipo musawakalipire. Ndawerenga uthenga wanu mtima n'kuyamba kuwawa, chifukwa ine ndinazunzika chimodzimodzi, ndipo wondizunza anali munthu amene anandigulitsa CPAP yangayi.

Ine anakandiyeza ku Lusaka. Ndinagona usiku wonse ndi lamba pachifuwa, kapaipi pamphuno, kena pachala. Zotsatira zinati kupuma kwanga kumaima kopitirira ka 30 pa ola limodzi. Adokotala anati 5 mpaka 15 ndi pang'ono, 15 mpaka 30 ndi pakati, kupitirira apo ndiye zafika poipa. Munthu ukagona minofu ya kukhosi imalefuka, lilime limagwera kumbuyo, njira ya mpweya n'kutsekeka masekondi 10 kapena kuposa, thupi n'kukudzidzimutsa kuti upume. N'chifukwa chake BP yanga sinkatsika ngakhale ndinkamwa mankhwala mokhulupirika, n'chifukwa chake ndinkadzuka mutu ukuwawa, n'kumasinza pamsonkhano anthu akuona. Mashiniwa sapereka okosijeni ngati a m'chipatala aja ayi, amangokankha mpweya wa m'chipinda momwemo kuti kukhosi kusatsekeke.

Mtengo wa atsopano unandigonjetsa. Wina anandilumikiza ndi mnyamata wobweretsa katundu kuchokera ku Joni. Tinakumana poimika magalimoto, anatulutsa katoni, akuti "akulu, ingovalani n'kudina apa, zonse zinatcheredwa kale." Zinatcheredwera ndani? Presha, mphamvu imene mashiniwa amakankhira mpweya, imayenda kuyambira 4 mpaka 20, ndipo munthu aliyense ali ndi nambala yake. Anga anali atakhomeredwa pa 16, nambala ya mwini wake woyamba amene sindimudziwa n'komwe. Masiki inali yaikulu, yophimba mphuno ndi kamwa, mphira wake utachita chikasu, ikununkha fodya wa munthu wina. Pepala la malangizo munalibe.

Usiku umene sindidzaiwala unali wa mu Okutobala 2024, kutentha kwa kuno ku Chipata mukukudziwa, komanso ndi chaka chija madzi anachepa kwambiri ku Kariba komwe amapangira magetsi, malaiti n'kumabwera pakati pa usiku kwa maola ochepa. Ndinakhala maso kuwadikira. Atabwera ndinavala. Mpweya unkathawira m'mbali n'kumandiuzira m'maso, ndiye ndinakoka malamba mpaka pamwamba pa mphuno panasupuka. Kupumira kunja kunali nkhondo, mashini akukankha, ine ndikukankha. Tulo tinandiba chifukwa chotopa basi. Ndinadzidzimuka muli mdima bii, malaiti atapita, mimba ili gwa ngati ng'oma, ululu ukukwera mpaka pachifuwa ndi paphewa. Lilime litamatirira kumwamba, kukamwa kouma, mawu osatuluka. Ndikufufuza pomasulira masiki sindikupapeza, thukuta lili noninoni, ndinangokoka mpaka lamba linaduka. Amayi akunyumba anayatsa tochi ya foni, atandiona nkhope anayamba kulira, akuitana ana, akuti atate anu akutisiya. Kamtsikana kathu kotsiriza kanaima pakhomo katagwira chitseko, osalira, kakungondiyang'ana. Aneba ndi amene anatithamangitsira kuchipatala. Anayeza mtima, unali bwino. Unali mpweya umene ndinameza usiku wonse chifukwa presha inali yoposa thupi langa. Ndinageya njira yonse yobwerera.

Kutacha ndinamuimbira mnyamata uja. Akuti "mudzazolowera akulu, onse amayamba choncho." Nditafunsa za masiki ina anati atumiza pabasi. Mpaka lero. Kenaka anandibuloka pa WhatsApp. Munthu wopanda chisoni! Ukugulitsa chinthu chimene munthu azipumira ali m'tulo, iwe osadziwa ngakhale tanthauzo la nambala ili pagalasi, bola ndalama zalowa m'thumba. Ndipo ndikumva akugulitsabe kwa ena. Anthu otere akusewera ndi miyoyo ya makolo a anzawo, ana anga akanatha kukula ndi chithunzi cha usiku umenewu chifukwa cha dyera lake. Ndikamukumbukira mpaka pano manja amanjenjemera.

Ndinawaika pamwamba pa wadiropu mashiniwo, ndinati basi. Chinandibweza ndi msewu wa Great East, titadutsa Nyimba, m'mapiri muja molowera ku Luangwa Bridge. Ndinasinza pachiwongolero masana dzuwa likuswa mtengo, banja lonse lili m'galimoto. Anandidzutsa ndi matayala akulira pamiyala ya m'mbali.

Ndiye mverani. Choyamba presha. Abambo asaigwire okha, abwerere kwa amene anawayeza, atenge mashini onse pamodzi ndi kakhadi kali m'mbalimo, chifukwa kamalemba zonse, maola amene avala, mpweya wothawa, ndi kangati kupuma kunaima. Ine yanga ndinaitsitsa ndekha ndikudikira ndalama ya ulendo, n'kuyamba kugonako, koma amene anaikonza bwino ndi adokotala. Anaika pa auto kuti mashini azikweza okha pakafunika, anatsegula ramp kuti aziyamba pang'onopang'ono mpaka tulo tibwere, ndiponso pali pena pamene amafewetsa mpweya ukamapumira kunja. Ena 4 imawachepera poyambira, amamva ngati akubanika, zimenezonso anene.

Masiki ndiye nkhani yaikulu kuposa mashini. Ili ndi masaizi ngati a zovala, ndipo ilipo ya mphuno yokha, ilipo ya timapilo tolowa pamphuno, ilipo yophimba ndi kamwa. Ikamataya mpweya si kuti mukoke malamba, mukakoka kwambiri mphira umapindika n'kumataya koposa. Ainyamule pang'ono pankhope mashini ali oyaka, aikhazikenso. Ine ya mphuno yokha ndi imene inandiyanja, ndi kalamba kogwira chibwano kuti kamwa lisayasame. Azivala masana atakhala pampando akumvera wailesi kapena kuonera mpira, thupi lizolowere ali maso. Akavula usiku, muwagwedeze avalenso, osakangana. Madokotala amafuna maola osachepera 4 pa usiku, koma poyamba ngakhale awiri ndi phindu. Usiku wina zikakanika azingovula, ine ndinkavula, koma mawa lake avalenso.

Kuuma kukamwa ndi kutsekeka mphuno, m'kathanki ka mashiniwo muzikhala madzi. Gulani osungunulidwa ku famase. A pamjigo amasiya zoyera zouma pansi, ndipo a batire musayerekeze, ena amakhala ndi asidi. Mu Juni ndi Julayi kukazizira madzi amadikha m'paipi n'kumakudontherani pankhope, ndiye mashini akhale pansi kuposa mutu, paipi ilowe m'bulangete. Fumbi la Ogasiti limadetsa kasefa kakumbuyo msanga, muzikayang'ana. Mphira wa masiki muzitsuka ndi sopo wosanunkhira, jiki ayi, ndipo asadzole Vaseline pomwe masiki imakhudza, imawononga mphira.

Za malaiti, uzani abambo mtima ukhale m'malo. Masiki yophimba kamwa ili ndi kavalavu kamene kamatseguka mashini akazima kuti munthu azipuma mpweya wa panja, ndipo ndi ya mphuno umangotsegula kamwa. Ine palibe anandiuza zimenezi. Timabowo tomwe timatulutsa mpweya kutsogolo musatitseke ndi selotepi, ndi momwe mpweya woipa umatulukira. Ngati muli ndi sola kapena invata, zimitsani chotenthetsa madzi chija, ndi chimene chimadya batire, mashini okha sadya zambiri.

Mowa madzulo ndi mapiritsi ogonetsa zimalefula kukhosi kwambiri, kugona chagada nakonso. Ndipo a m'gulu muno amene simunagule, musagule akale kwa anthu a m'misewu. Anga ndi omwewo ndikugwiritsabe, akugwira bwino chiwakonzereni, koma masiki ndi paipi zokha gulani zatsopano zivute zitani. Onaninso dzina ndi nambala ya pansi, chifukwa mu 2021 kampani ya Philips inaitanitsa mashini ake ambiri kaamba ka siponji ya m'kati imene inkafumbutuka, ndipo akale otere amatha kuzungulira m'manja mwa ogulitsa.

Amayi, lembani pano nambala imene ikuoneka pagalasi akayatsa ndi mtundu wa masiki imene ali nayo, tione pamodzi zokafunsa adokotala. Ndipo ngati abambo amayendetsa galimoto, ulendo wa ku Lusaka akwere basi kaye.